Apongozi a Zakeyu Kanyumbu

Ndinabadwira m'mudzi wa njira imodzi. Njirayo inkachokera kuchitsime, n'kudutsa pakati pa minda ya chimanga, n'kukathera pakhomo pa amayi anga, a Nangondo. Inali yopapatiza moti anthu awiri akakumana, mmodzi ankayenera kupondako udzu. Ndayenda midzi yambiri ndi matauni ambiri, mwina kuposa mmene miyendo ya mkazi imayenera kuyendera, koma ndikatseka maso ndimaona njira yomweyo, ndipo mtima umayamba kundiwira.

Mwamuna wanga anali Zakeyu Kanyumbu. Eya, yemwe uja wa m'buku, amene anazula zikhomo za malire a esiteti n'kuuza anthu kuti aleke kulima ulere m'minda ya eni ake. Ndikudziwa zimene mukufuna kunena: Zakeyu anali ndi mkazi mmodzi, wa ukwati wa kutchalitchi. Ndi mmene munawerengera, sindikukudzudzulani. Ine ndinali mkazi wamng'ono. Ankhoswe anakhala pansi, nkhuku inadyedwa, mudzi wonse unaona, koma zinachitika mwakachetechete chifukwa iye anali mkulu wa mpingo ndipo akanadulidwa. Ankabwera kwathu akapeza mpata, ankalima munda wa amayi monga mkamwini aliyense, ndipo ankadya ngati anthu awiri.

Kwathu mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana kumaso. Akakumana panjira, apongozi amapatuka, amalowa m'tchire, amafunda chitenje kumutu mpaka mkamwini adutse. Dzina lake satchula. Amayi anga mwambo umenewu ankausunga kuposa aliyense. Zakeyu ankaseka, amvekere, "Apongozi anga ndimawadziwa zidendene zokha." Iwo akafuna kunena za iye ankangoti "eni nyumba iyo."

Tsiku limene asilikali ankamusaka, Zakeyu anathawira kwathu. Ine ndinali ndi pakati, ndili m'nyumba. Amayi ankachokera kuchitsime ndi mtsuko pamutu, ndipo ataona mkamwini wawo akubwera chowerama m'njira muja, anachita zimene ankachita nthawi zonse. Anapatuka, n'kulowa m'chimanga, chitenje kunkhope. M'chimangamo ndi mmene munali asilikali. Iwo ataona mayi akupatuka anadzifunsa kuti kodi akupatukira ndani, n'kutulukira panjira. Anamugwira Zakeyu pomwepo, ndipo sanabwererenso. Mtsuko wa amayi unasweka, ndipo zigoba zake zinakhala panjirapo mpaka mvula inazikwirira.

Patapita zaka, mwana wanga Esinati akuyenda kale, kunabwera mnyamata wa magalasi pa njinga, atanyamula kawailesi kojambulira mawu. Dzina lake anali Hezekiya Mlongoti. Nthawi imeneyo sanali kanthu, anali mphunzitsi chabe wofuna kulemba mbiri ya Zakeyu. Anakhala ndi amuna a m'mudzi, anamwa thobwa lathu, anafunsa mafunso. Amunawo anamuuza kuti Nangondo anachoka panjira n'kulowa kumene kunali asilikali, ndipo sananame. Za ukwati sananene, chifukwa anali atazolowera kumubisira Zakeyu, ndipo amalume anati nkhani za mitala sitiuza alendo. Kenaka mnyamatayo anaitanitsa amayi.

"Mayi, Zakeyu Kanyumbu munkamudziwa?"

Amayi atamva dzinalo anafunda chitenje kumutu n'kutembenukira kukhoma. Akanatani? Munthu angakambe bwanji za mkamwini wake ndi mwamuna wachilendo, pamaso pa mudzi?

Ine ndinali kudimba. Nditabwerako anandiuza kuti mlendoyo wangochoka kumene. Ndinagwira mpando umene anakhalapo, unali wofunda.

Bukulo linatuluka, ndipo ankaliwerenga pa wailesi masana a Sabata, anthu atazungulira. Linali lokoma kumva, zimenezo sindikana. Zakeyu wa m'bukumo ankalankhula bwino kuposa Zakeyu amene ndinkamuphikira. Kenaka wowerenga uja anafika pa mawu akuti: "Mayi wina, Nangondo, anachoka panjira n'kupita kwa asilikali. Nditamufunsa anabisa nkhope, pakuti mtima wake unkamutsutsa." Anthu onse anacheuka. Amayi anali chapatali, akusenda nyemba.

Kuyambira pamenepo kunkabwera anthu ochokera kutali kudzaona nyumba ya mayi amene anapereka Zakeyu. Ena ankalavula pakhomo, ena ankaponya miyala padenga. Anthu a m'mudzi mwathu, omwe aja anadya nkhuku ya ukwati wanga, anayamba kunena kuti kaya, mwina bukulo likudziwa zimene ife sitinaone. Abale inu! Munthu amene anaona ndi maso ake kumakhulupirira wailesi kuposa maso akewo! Amalume anabwera n'kukhala pakhonde, osatiyang'ana.

"Achemwali, chokaniko kaye mpaka mphepoyi idutse."

"Nanga ndikafa, achimwene?" amayi anafunsa. "Ine ndikufuna kugona pafupi ndi amayi athu."

"Dzina likayera mudzagona pomwepo. Likapanda kuyera, anthu awa adzatiipitsira manda."

Choncho tinanyamuka atatu, ine, amayi ndi Esinati. Ndinkati ndi nkhani yaing'ono. Ndimupeza mnyamatayo, ndimuuza kuti mayi uja ndi apongozi a Zakeyu, iye agwira pakamwa, akonza bukulo, ife tibwerera mvula isanagwe. Ndinali wopusa bwanji.

Tinafika kumudzi wa zigafa za fodya, kumene anthu anati kwabwera wolemba mabuku. Ndinafunsa mayi woyamba kukumana naye.

"A Mlongoti? Angochoka kumene. Anakhala pachitsa icho, ankafunsa za makolo athu amene ankasenza katundu wa azungu."

Ndinagwira chitsacho, chinali chofunda. Chakudya chinali chitatha, ndiye ndinalowa m'chigafa kuphunzira kusankha fodya. Mayi amene ankatiyang'anira anali ndi manja akuda ndi utomoni, ndipo sankalankhula kawiri. Masamba ofanana mtundu ndi utali ankapita pamodzi. Tsamba lobooka, ngakhale kabowo kakang'ono, linkaponyedwa pambali.

"Komatu lathyoledwa pamtengo womwewo," ndinatero tsiku lina.

"Wogula safunsa pamene lathyoledwa, mwana'nga. Amafuna belo lofanana."

Ndinasankha fodya nyengo yonseyo, kaya nyengo ziwiri, sindikumbuka. Chimene ndikumbuka n'chakuti m'mudzimo munali bambo wina wa miyendo yamatewe, woyenda ngati Zakeyu. Amayi akamuona akubwera ankapatuka, n'kufunda chitenje, n'kuima m'tchire mpaka adutse. Ndinkawakalipira. "Amayi, munthu uja anafa! Mukupatukira ndani?" Iwo ankangotuluka m'tchiremo akuchotsa chisoso pachitenje.

Tinamva kuti mabuku amapangidwa m'tauni ya utsi, kutsidya la mtsinje waukulu, ndiye tinapita kumeneko. Nyumba yosindikiza mabuku inali yaitali, yanthunzi, yonunkha inki. Mlonda wa pachipata anati a Mlongoti anabwera kudzasiya buku lawo latsopano ndipo angotuluka kumene pa galimoto. Njinga ija inali itatha ntchito. Mpando wa m'chipinda chodikirira unali wofunda.

Ndinapempha ntchito, anandipatsa yopinda mapepala. Makina ankalavula mapepala aakulu, ife akazi tinkawapinda, ena n'kumasoka. Sindinkadziwa kuwerenga. Mnzanga wa pabenchi, mayi wamfupi woseka msanga, ankandiphunzitsa zilembo nthawi ya chakudya, akulemba ndi chala pafumbi la patebulo. Buku la Zakeyu ankalisindikiza chaka ndi chaka chifukwa masukulu ankalifuna. Tsiku lina ndikupinda, maso anga anagwira mawu okhaokha, popanda wondithandiza. Anali mawu oyamba amene ndinawerenga ndekha m'moyo wanga. Nangondo. Ndinali nditakhala miyezi yonseyo ndikupinda dzina la amayi anga ndi manja anga, mwaudongo, makona ofanana, kuti lipite kwa ana a dziko lonse.

Buku latsopano lija linali la amtengatenga. Ndinaliwerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Munthu uja anayenda midzi yonse kufunafuna mayina a anthu amene anasenza mabokosi ndi machira, anthu amene palibe anawalembapo, ndipo anawapeza. Analemba kumene anagwera, nyimbo zimene ankaimba pokwera phiri, zipsera za pamapewa awo. Ndinalira ndikuwerenga. Ndicho chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero: munthuyo ntchito yake ankaidziwa. Akanakhala wabodza wamba ndikanangomulavulira n'kuiwala. Koma anali ndi khutu lakumva akufa a zaka zakale, n'kulephera kumva mayi wamoyo amene anakhala patsogolo pake.

Ndinayamba kusolola pepala la dzina la amayi m'mabuku amene ankadutsa m'manja mwanga, n'kumalibisa m'chitenje. Amayi ankayatsira moto. Sizinatenge nthawi, masukulu anadandaula kuti Zakeyu akuthamanga m'chimanga kenaka ali kale kundende. Anandichotsa ntchito. Musayembekeze kuti ndipepesa, ndikanakhala ndi mpata ndikanasolola onse.

Tinayenda. Tinadutsa mudzi wina umene a Mlongoti anali atangomaliza kulemba za njala yaikulu, ndipo nkhalamba za kumeneko zinkafotokoza njalayo ndi mawu a m'buku, ngati kuti sizinadye mizu ndi kamwa zawo. Tinadutsa wina umene analemba mbiri ya mzamba wotchuka, ndipo anthu anali atapaka laimu nyumba ya mzambayo. Paliponse ankamutamanda, paliponse anali atangochoka. Esinati anakula m'njira. Anayamba ulendo ali kumbuyo kwanga, tsopano ankasenza mphasa ya agogo ake.

Tsiku lina tinafika pansi pa phiri, pamene panali chifanizo cha Zakeyu cha simenti, dzanja lili m'mwamba, nkhope yosafanana naye m'pang'ono pomwe. Pafupi pake panali nyumba ya malata yokhala ndi maluwa pakhomo. Ndinadziwa kuti ndi ya mayi Dolika, mkazi wamkulu wa Zakeyu. Ndinaodira.

Anatuluka mayi wonenepa, wa imvi, atavala diresi loyera ngati akudikira alendo. Anandiyang'ana, anayang'ana amayi, kenaka maso ake anaima pa Esinati.

"Makutu awo ndi a Zakeyu," anatero. "Iwe ndiwe uja. Lowani, musaime padzuwa ngati ogulitsa nkhuni."

Ndinkayembekezera kutukwanidwa, koma anatipatsa madzi ndi mbatata. Anagwada n'kupereka moni kwa amayi ndi manja awiri. Nditafotokoza chimene tinkayendera, anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Mnzanga, ukuganiza kuti sakudziwa? Ndinamuuza ine ndemwe, atakhala pamene wakhalapo iwepo, bukulo lisanatuluke. Ndinati, bambo, pali mnzanga kumudzi wa njira imodzi, mayi mukumunenayo ndi apongozi a Zakeyu, alembeni bwino. Anazimitsa kawailesi kake. Amvekere, 'Mayi, dziko lathu likufuna munthu mmodzi wopanda banga woti ana aziyang'ana. Tisamuipitse.' Kenaka anayatsanso n'kundifunsa nyimbo imene Zakeyu ankaikonda."

Ndinamva ngati andithira madzi otentha pamsana. Zaka zonsezo ndinkathamangira kukamuuza munthu chinthu chimene ankachidziwa kale. Anasankha, monga mayi wa m'chigafa uja. Kuti Zakeyu akhale woyera, anatenga amayi anga n'kuwaponya pambali.

"Nanga inu bwanji osanena?" ndinafunsa.

"Ndinene kwa yani? Akabwera amandiimika pafupi ndi simenti iyo n'kundijambula. Ndikatsekula pakamwa amati agogo atopa. Ndi dzulo lomweli anali pano mwini wakeyo, ndi alendo ochokera kunja. Wangomuphonya."

Sindinagwire mpando tsiku limenelo. Tikutuluka, amayi anaona chifanizo chija chitaima panjira. Anapatuka, n'kuzungulira kumbuyo kwa mpanda, chitenje kumutu.

M'tauni ya sukulu yaikulu tinakhalitsa, chifukwa Esinati anali ndi mutu ndipo ndinafuna aphunzire. Ndinaphunzira kukazinga mandasi, ndinkagulitsa pachipata cha sukulu yomweyo. Ntchito ya mandasi ndi ya kupirira: mafuta akatentha kwambiri kunja kumapsa m'kati muli mwauwisi. Ndinkamva ana akuloweza m'kalasi, mawu awo akutulukira pawindo. Anagwidwa kuti Zakeyu? M'chimanga! Anamupereka ndani? Ndinkatembenuza mandasi, mano ndili kukukuta.

Tsiku la mayeso omaliza Esinati anabwera kunyumba akukoka miyendo. Anakhala pakhomo osavula yunifomu.

"Funso lija linabwera, amayi."

"Unalemba chiyani?"

Anayamba kumasula zingwe za nsapato. Ndinafunsanso, mokweza.

"Ndinalemba za m'buku. Ndikanalemba zina akanandilepheretsa."

"Iwe! Dzina la agogo ako, ndi dzanja lako? Agogo ako amene anakutafunira chakudya?"

Ndinali nditanyamula chipande, kaya ndinkafuna kuchita nacho chiyani. Amayi anandigwira mkono. Anali atachepa thupi kwambiri nthawi imeneyo, koma dzanja lawo linali lolimba.

"Msiye mwana. Dzina langa lamudyetsa, palibe choipa." Kenaka anatembenukira kwa Esinati. "Unalilemba bwino? Sunalakwitse zilembo?"

Esinati analira mpaka madzulo. Anakhoza, anamutenga kukaphunzira zauphunzitsi, anapita. Ankalemba makalata, ine sindinkayankha. Ndinkadziwa kuti wolakwa si iye, koma mkwiyo umagwera amene ali pafupi.

Chaka chomwecho a Mlongoti anabwera kudzalandira ulemu m'holo ya sukuluyo, imene anaitcha dzina lawo. Tsopano anali Pulofesa, mabuku awo anali atamasuliridwa m'zilankhulo za kunja. Ndinasiya beseni pachipata n'kukankhana ndi alonda. "Mayi, mandasi kunja!" Mmene ndinkalowa, anthu anali ataimirira akuomba m'manja, ndipo chitseko cha kumbuyo chinali chikutsekeka. Mpando wawo unali wa katsamiro kofiira. Ndinautembenuza ndi phazi.

Malo omaliza anali mudzi wa pamphambano, pamene pamakhala anthu obwera okhaokha: opuma ntchito ya njanji, atelala, akazi othawa maukwati. Pambali pa msewu panali manda a alendo, opanda mitengo, opanda wokuletsa kulowa. Panali bambo wina wokalamba, a Jabesi, amene ankaumba ziliza. Maso awo anali atayamba kuchita mdima, ndipo atamva kuti ndimadziwa kulemba anandipatsa nyundo ndi tchizulo.

"Papepala umafufuta," anatero, "pamwala ayi. Uziyamba waganiza, kenaka n'kumenya."

Ndinaphunzira kusakaniza simenti ndi timiyala, kupukuta mpaka kuwala, kujambula zilembo ndi choko, kenaka kuzisema. Ndinasema mayina a anthu amene sindinawadziwe, ndipo aliyense ndinkayamba ndafunsa achibale ake kawiri. Dzanja langa linalimba. A Jabesi atamwalira chiliza chawo ndinasema ine, ndipo ntchito inakhala yanga.

Amayi anamwalira masana, atakhala padzuwa akusenda mtedza. Anandiitana, n'kuti, "Ukawauze kwathu kuti ndikubwera." Lichero linapendekeka, mtedza unamwazika, nkhuku zinathamangira. Ndinatuma munthu kumudzi wa njira imodzi. Amalume anali atafa kale, anayankha ndi mwana wa mchemwali wawo wina, munthu amene ndinamubereka kumbuyo ali khanda. Yankho lake linali lalifupi: dzina silinayere.

Anawaika anthu obwera, m'manda a alendo, pakati pa Tomasi Bwanali wa njanji ndi telala wina dzina lake Amini. Malo amene ankafuna, pafupi ndi amayi awo, sanawapeze. Ndinaumba chiliza chachikulu kuposa zonse, ndinachiimika moyang'ana kanjira kodutsa pakati pa mandawo. Ndinaganiza nthawi yaitali, kenaka ndinamenya: NANGONDO, APONGOZI A ZAKEYU KANYUMBU. ANAPATUKA PANJIRA MWAULEMU.

Ndinasiya kufunsa za a Mlongoti. Ndipo nditasiya ndi pamene anabwera okha.

Unali m'mawa wa chilimwe, ndikuchokera kumjigo ndi ndowa pamutu. Pamsewu panaima galimoto, ndipo m'manda munali nkhalamba ya ndodo ndi magalasi okhuthala, ikuwerama pa chiliza chilichonse, ikulemba. Anthu anali atanena kuti Pulofesa akulemba buku lomaliza, la zimene ziliza za anthu wamba zimanena. Anamaliza cha Tomasi Bwanali. Anafika pa cha amayi. Ndinawaona akuwerenga, akuvula magalasi, akupapasa zilembo ndi chala. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenaka anadzuka n'kuyamba kubwera m'kanjira kaja, ine ndikupita.

Kanjirako kanali kopapatiza. Atakweza maso anandiona, ndipo sindikudziwa chimene anaona pankhope panga, kaya ndi nkhope ya amayi. Anapatuka. Munthu wamkulu, wa holo ya dzina lake, analowa m'udzu mpaka m'mawondo n'kutembenuzira nkhope kumbali.

Ndinatula ndowa.

"Bwererani panjira, bambo. Inu si apongozi anga, ine si mkamwini wanu. Ulemu umenewo si wanu."

Anatuluka pang'onopang'ono, chisoso chili thoo m'buluku.

"Ndinu mwana wawo," anatero.

"Ndine mwana wawo, ndiponso ndine mkazi wa Zakeyu. Mayi Dolika anakuuzani. Ndakutsatani kuyambira muli ndi njinga."

"Ndinali mnyamata, mayi. Nthawi inali ina. Anthu ankafuna…"

"Anthu ankafuna, eti? Amayi anga sanali munthu? Munapeza mayina a amtengatenga amene anafa inu musanabadwe. Munalira nawo, munatiliritsa tonse. Mayi mmodzi wosauka, amene analakwa kukhala ndi ulemu, munamugoneka pakati pa alendo. Mdzukulu wake analemba dzina lake pamayeso! Mumagona tulo inu?"

Anatsamira ndodo yawo.

"Buku lija si langanso," anatero. "Lili m'masukulu, lili pa simenti, lili m'nyimbo. Ndikaligwedeza pagwa zambiri."

"Sindikuti mugwedeze kanthu. Mukulemba ziliza, si choncho? Icho ndi chiliza. Lembani zimene chikunena, basi. Owerenga adzadzifunsa okha."

Anandiyang'ana, ndipo kunena zoona m'maso mwawo munali misozi. Anabwerera pa chiliza chija, ine ndili pambuyo pawo, n'kukopera mawu onse. Ndinasuzumira, zilembo zonse zinali zolondola. Anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Zikomo, mayi. Mwandithandiza." Tsiku limenelo ndinagwada pamanda n'kuwauza amayi kuti konzekani, mwina tikusamutsani.

A Mlongoti anamaliza bukulo, anaona likusindikizidwa, n'kumwalira chaka chomwecho. Wailesi inalira sabata yathunthu. Anati dziko lataya munthu amene sanasiye aliyense kunja kwa mbiri.

Bukulo anabwera nalo ndi Esinati. Anatsika basi pamphambano, mayi wamkulu tsopano, wa imvi zake zoyamba, makutu omwe aja. Sitinaonane zaka zambiri. Tinapatsana moni ngati alendo, kenaka ndinamukumbatira, ndipo tinapita kukakhala pamanda. Maso anga anali atafooka, ndiye ndinati awerenge iye. Anapeza mutu wa manda a alendo a pamphambano. Ziliza zonse zinalimo motsatana, monga mmene zinaimira, ndipo ndinkazidziwa chifukwa zambiri ndinasema ndine. Anawerenga cha a Jabesi. Anawerenga cha mkazi wa kondakitala. Anawerenga cha Tomasi Bwanali wa njanji, ndi mawu okoma onena za anthu amene anayala zitsulo dziko lonse n'kufera pamphambano.

"Amini, telala," anawerenga Esinati.

"Walumpha. Bwerera."

Anabwerera, anatsegula tsamba lotsatira, anayang'ana kumapeto kumene amaika mayina onse. Anatseka bukulo n'kuliika pansi.

"Mulibe, amayi."

A Mlongoti anafika pa chiliza chomwechi, anachipapasa, anachikopera ine ndikuona, analira, ndipo m'bukumo anapatukanso.

Sindinalire. Ndinamutuma Esinati kunyumba kukatenga nyundo ndi tchizulo. Atabwera anagwada patsogolo pa chilizacho, n'kuwerenga mokweza mawu onse, dzina la agogo ake ndi la bambo ake pamodzi, moti anthu odikira basi anacheuka. Kenaka anafunsa kuti tchizulo amagwira bwanji. Ndinamuika zala, ndinamuonetsa pamene mvula inayamba kudya chilembo choyamba cha APONGOZI.

"Gwira zolimba," ndinatero. "Ine ndimenya. Tizamitse."